Borrow kapena lend? Kumene chisokonezo cha mawu a Chingerezi chimachokera

Kalata yofunsira ntchito ikhoza kudutsa pa kompyuta popanda kamzere kofiira ngakhale kamodzi, koma ili ndi zolakwika zisanu. Lembani *The Human Resource Manger* pamwamba pake, makina sadandaula, chifukwa *manger* ndi mawu enieni a Chingerezi otanthauza chodyeramo ziweto. Amene mumafuna ndi *manager*. N'chimodzimodzi kulemba *form* m'malo mwa *from*, *trail* m'malo mwa *trial*, kapena *diary* m'malo mwa *dairy*. Makina amayang'ana ngati mawuwo alimo m'dikishonale, ndipo nthawi zambiri amathera pomwepo. Chimene inu mumafuna kunena sachidziwa.

Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a JCE ndi MSCE amalimbana ndi vutoli poloweza ndandanda ya mawu awiriawiri pamodzi ndi matanthauzo ake. Pakatha mlungu, mawu aja asakanikiranso. Chifukwa chake n'chakuti chisokonezochi sichichokera kumodzi. Mawu ena amasokonekera m'maganizo, pakuti Chichewa chimagawa matanthauzo mosiyana ndi Chingerezi. Ena amasokonekera m'khutu. Ena amangosokonekera polemba, ndipo amenewo amavutitsa ngakhale eni ake a ku London. Mukadziwa gwero la cholakwika chanu, kuchikonza sikutenga nthawi. Ndipo nkhaniyi si yaing'ono: satifiketi ya MSCE situluka kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale maphunziro ena onse atakhoza bwino.

Pamene Chichewa chili ndi mawu amodzi, Chingerezi chili ndi awiri

Tiyambe ndi *borrow* ndi *lend*, chifukwa palibe ena amene amagwetsa anthu kuposa amenewa. Timamva tsiku ndi tsiku: *borrow me your pen*. Wonenayo sanaphonye mwaumbuli ayi, watsata Chichewa chake mokhulupirika. Mneni woti kubwereka amayenda mbali zonse ziwiri. "Ndabwereka njinga kwa achimwene" ndi kutenga, pamene "Ndibwerekeni njinga" ndi kupempha kuti akupatseni. Chingerezi sichilola zimenezo. *Borrow* ndi kutenga basi, ndipo amatsagana ndi *from*. *Lend* ndi kupereka basi, ndipo amatsagana ndi *to* kapena ndi munthu wolandirayo.

Njira yabwino ndi kusiya kaye mawu oti kubwereka n'kuganiza za ngongole, chifukwa pamenepo Chichewa chimalekanitsa bwinobwino. Kukongola ndalama ndi *borrow*. Kukongoza ndi *lend*. Mukafuna kunena "ndikongozeni", ndiye kuti *lend me*. Mukafuna kunena "ndikufuna ndikongole", ndiye kuti *I want to borrow*. Pempho la cholembera lija lili ndi njira ziwiri zolondola: *May I borrow your pen?* kapena *Please lend me your pen.* Nthawi yakale ya *lend* ndi *lent*, osati *lended*.

Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse m'nkhani ino: Chichewa chimene chatisocheretsa ndi chomwecho chimene chingatibweze, tikadziwa pogwira. Msintho wa mneni umene ana amaphunzira ku pulayimale, wa womchitira ndi womchititsa, umamasula mawu ambiri amene mabuku a Chingerezi amawafotokoza movutikira.

Onani *steal* ndi *rob*. Timaba chinthu, timabera munthu. *Steal* ndi kuba, ndipo chotsatira chake ndi katundu wotengedwayo: *they stole my phone*. *Rob* ndi kubera, ndipo chotsatira chake ndi munthu kapena malo: *they robbed me*, *they robbed the shop*. Munthu amene walemba kupolisi kuti *thieves stole me* wanena kuti anamunyamula iyeyo. Mukafuna kutchula munthu ndi katundu yemwe, pali njira ziwiri: *they robbed me of my phone*, kapena *they stole the phone from me*.

*Rise* ndi *raise* ndi kukwera ndi kukweza. Mtengo wa chimanga umakwera wokha m'chiganizo: *the price of maize rose in January*. Koma pakakhala wina wokweza, mneni asinthe: *traders raised the price*. Choncho *the price was risen* n'cholakwika, monga mmene "mtengo wakweredwa" zingamvekere zachilendo kwa ife. *Rise* amayenda kuti *rise, rose, risen*. *Raise* amayenda kuti *raise, raised, raised*.

*Lie* ndi *lay* ndi kugona ndi kugoneka. Wodwala amagona, *the patient lies on the bed*. Namwino amagoneka wodwala, *the nurse lays the patient on the bed*. Mpaka apo n'zosavuta. Msampha uli pa nthawi yakale, chifukwa *lie* wa kugona amasanduka *lay*, kufanana ndendende ndi mnzake uja. Pamenepa pokha kuloweza n'kofunika: kugona ndi *lie, lay, lain*, kugoneka ndi *lay, laid, laid*, kunama ndi *lie, lied, lied*. Amene walemba kuti *he lied on the mat* wanena kuti munthuyo ananama ali pamphasa.

*Say* ndi kunena, *tell* ndi kuuza. Timauza munthu, sitinena munthu pokhapokha tikumujeda. Ndiye *she told me*, osati *she said me*. *Win* ndi kupambana mpikisano kapena kupata chikho, *beat* ndi kugonjetsa mdani. Mu 2010 ku Angola, pa mpikisano wa Africa Cup of Nations, Flames inagonjetsa Algeria 3–0. M'Chingerezi ndi *Malawi beat Algeria*, kapena *Malawi won the match*. Kulemba *Malawi won Algeria* ndi kunena kuti dziko la Algeria linali mphotho imene tinabwera nayo kuno.

Pali aneni atatu athu amene amanyamula katundu wolemera kwambiri, ndipo pa amenewa msintho sutithandiza: kumva, kukhala ndi kuyembekeza.

Kumva timamva phokoso, fungo, kupweteka, kuzizira, kukoma kwa ndiwo, ngakhale Chifalansa. Chingerezi chimapatsa chiwalo chilichonse mneni wake. Khutu ndi *hear*, mphuno ndi *smell*, lilime ndi *taste*, thupi ndi mtima ndi *feel*, nzeru ndi *understand*. Kuchipatala kusiyana kumeneku n'kofunika: *I feel pain in my chest*, osati *I hear pain*. Palinso *listen*, amene ndi kumvetsera mwadala ndipo sayenda popanda *to* pakakhala chomvetseracho: *listen to the radio*. Ndipo aneni ngati *hear* ndi *understand* sakonda mchira wa *-ing*. Nenani *I can hear you*, osati *I am hearing you*.

Kukhala ndi *sit*, *stay*, *live* komanso *be*. Kwathu kuno, ku Zambia ndi ku South Africa, *I stay in Ndirande* amamveka bwino ndipo palibe amene angadabwe. Koma m'Chingerezi cha mayeso ndi cha mafomu akunja, *stay* ndi kukhala kwa kanthawi, monga mlendo, pamene *live* ndi kukhala kokhazikika. Pa fomu ya viza mafunso awiriwa ndi osiyana: *Where do you live?* akufunsa kwanu, pamene *Where will you stay?* akufunsa kumene mukafikire.

Kuyembekeza kuli patatu. *Wait* ndi kudikira, nthawi ikupita. *Expect* ndi kukhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti chinthu chichitika. *Hope* ndi kulakalaka kuti chichitike, popanda chitsimikizo. Mlimi amene waona mitambo yakuda anganene *I expect rain*. Amene chimanga chake chikufota kumwamba kuli ngwee anganene *I hope it rains*. Pomaliza kalata, *I am waiting your reply* walumpha mperekezi. Zolondola ndi *waiting for your reply* kapena *awaiting your reply*, ndipo *await* safuna *for*.

Kuvala nakonso kuli pawiri: *put on* ndi ntchito ya kanthawi yolowetsa chovala m'thupi, *wear* ndi kukhala utavala. Polongosola mwana wosowa, nenani *he was wearing a blue shirt*. Za *he* ndi *she* sindichulutsa. Mlowam'malo wathu iye sasankha mwamuna kapena mkazi, ndipo mankhwala ake ndi kubwereranso pa *he*, *she*, *his* ndi *her* aliyense mukatha kulemba, n'kufunsa kuti akuimira yani.

Za m'khutu

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka mwa njira imodzi. Chingerezi cha ku Britain chimalemba ndi malembo asanu omwewo, koma maliwu ake ndi pafupifupi 20. Khutu lozolowera asanu limaponya maliwu angapo m'thumba limodzi. N'chifukwa chake *hat*, *hut*, *heart* ndi *hurt* amatuluka ofanana pakamwa pathu. N'chifukwa chakenso m'malipoti a m'maofesi mumapezeka *members of stuff* m'malo mwa *staff*, ndi *luck of funds* m'malo mwa *lack*. *Stuff* ndi zinthu, *staff* ndi antchito. *Luck* ndi mwayi, *lack* ndi kusowa. Enanso a gulu lomweli ndi *live* ndi *leave*, *fill* ndi *feel*, *sit* ndi *seat*, *full* ndi *fool*, *walk* ndi *work*. Wopempha tchuthi alembe *annual leave*. Mawu olembedwa ndi *ee* kapena *ea* kawirikawiri amatchulidwa motalika milomo itatambasuka, pamene a *i* yekha ndi afupi ndipo lilime limakhala lomasuka.

Nkhani ya *l* ndi *r* anthu amaiseka, koma ili ndi dongosolo lomveka. M'Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi lomwe limangosintha malinga ndi pamene lakhala. Lamulo la kalembedwe kathu limati *r* amabwera pambuyo pa i ndi e, monga mu kulira, kubwera ndi mbiri, ndipo kwina konse timalemba *l*. Onani mmene tinalandirira mawu obwereka: lipoti, labala, lula, sitolo. Onsewa ali ndi *r* kwawo. Izi zikutanthauza kuti cholakwika chanu mutha kuchilosera chisanachitike. *R* wa kumayambiriro kwa mawu amafuna kusanduka *l*, choncho *road* amakhala *load*, *right* amakhala *light*, *read* amakhala *lead*. *R* wotsatira a kapena o amateronso: *arrive* kukhala *alive*, *correct* kukhala *collect*. Ndipo *l* wotsatira i kapena e amakokeredwa ku *r*, monga *belly* kumveka ngati *berry*. Pamene pali malembo opanda liwu ogundizana, monga *pray* ndi *play*, *fresh* ndi *flesh*, *grass* ndi *glass*, *crash* ndi *clash*, khutu limangosankha mwachisawawa.

Kuyeserera kwake n'kwa lilime. Potchula *l*, nsonga ya lilime igunde nkhama kuseri kwa mano akumwamba ndipo ikhale pomwepo, mpweya uzidutsa m'mbali. Potchula *r* wa Chingerezi, nsongayo ipindikire m'mwamba koma isagunde paliponse, milomo itasongoka pang'ono. Tengani mawu awiriawiri khumi, mnzanu atchule amodzi mwa awiriwo atakufulatirani, inu mulembe chimene mwamva, kenako musinthane. Mphindi khumi patsiku zimathandiza kuposa ola lathunthu kamodzi pa mlungu, chifukwa chimene chikuphunzitsidwa ndi khutu, osati chikumbukiro.

Kenako pali *s* ndi *z* a kumapeto. Maliwu onse awiri tili nawo, koma mawu athu sathera pa lembo lopanda liwu, choncho mathero a mawu a Chingerezi sitiwamvetsera. *Price* ndi mtengo, *prize* ndi mphotho. *Cease* ndi kuleka, *seize* ndi kulanda. *Course* ndi maphunziro kapena njira, *cause* ndi chifukwa, ndiye *of course* salembedwa *of cause*. Otchuka koposa ndi *lose* ndi *loose*. *Lose*, wa o mmodzi, amamveka ndi z ndipo ndi mneni: kutaya, kuluza. *Loose*, wa ma o awiri, amamveka ndi s ndipo ndi mfotokozi: chokhwepa, chosamangika. *We cannot afford to lose customers*, koma *the bolt is loose*.

Zosokonekera polemba

M'sukulu za ku Malawi timatsata kalembedwe ka ku Britain, ndipo kumeneko kuli lamulo laling'ono lothandiza: dzina limatenga *c*, mneni amatenga *s*. *Advice* ndi malangizo, *advise* ndi kulangiza. Awiriwa amamvekanso mosiyana, choncho agwiritseni ngati muyeso wa anzawo amene amamveka mofanana: *practice* ndi *practise*, *licence* ndi *license*. Mukakayika, ikani *advice* kapena *advise* pamalopo mumve amene akukhala bwino. *A driving licence* ndi dzina, ndiye *c*. *Licensed to sell* ndi mneni, ndiye *s*. Ku America salekanitsa: amalemba *practice* ndi *license* ponseponse. Kompyuta zambiri zimabwera zitatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, choncho zimalemba mzere wofiira pansi pa *colour*, *centre* ndi *practise* zomwe n'zolondola kwa ife. Mu Microsoft Word pitani pa Review, kenako Language, musankhe English ya United Kingdom. Kumbukiraninso kuti *advice* sachulukitsidwa. Palibe *advices*, monganso palibe *informations*, *furnitures*, *equipments* kapena *luggages*. Nenani *some advice* kapena *a piece of advice*.

*Been* ndi *being* amagwera mbali zonse, khutu ndi cholembera, koma lamulo lake ndi lolimba. Yang'anani mneni wothandizira amene ali patsogolo. Akakhala *has*, *have* kapena *had*, lembani *been*. Akakhala *is*, *are*, *am*, *was* kapena *were*, kapenanso mperekezi monga *of*, *for* ndi *after*, lembani *being*. Tanthauzo limasintha kwambiri. *The road has been repaired* ndiye kuti yakonzedwa, ntchito yatha. *The road is being repaired* ndiye kuti ikukonzedwa, makina akadali pamsewu.

Mawu a nkhodolero ali ndi muyeso umodzi wosaphonya: tambasulani mawuwo. *It's* ndi *it is* kapena *it has*. *They're* ndi *they are*, *you're* ndi *you are*, *who's* ndi *who is* kapena *who has*. Ngati chiganizo chikumveka mutatambasula, nkhodolero ikhale. Ngati sichikumveka, mukufuna mawu aumwini: *its*, *their*, *your*, *whose*. *The school lost it is roof* palibe chimene akunena, ndiye zolondola ndi *its roof*. *There* ndi wa malo, ndipo mkati mwake muli *here*.

*Affect* ndi *effect* amafunika kudekha. Pafupifupi nthawi zonse *affect* ndi mneni, kukhudza, ndipo *effect* ndi dzina, zotsatira. *The floods affected Nsanje and Chikwawa*. *The effects of the floods*. Ngati patsogolo pali *the*, *an* kapena *no*, kapena pambuyo pali *of* kapena *on*, ndi *effect*. M'makalata a boma ndi a kubanki mudzakumana ndi *effect* ngati mneni, monga *to effect payment* kapena *to effect changes*, kutanthauza kuchititsa kuti chinthu chichitike. Si cholakwika. *To effect changes* ndi kubweretsa kusintha, pamene *to affect changes* ndi kukhudza kusintha kumene kulipo kale.

Ena a muofesi ndingowadutsa mwachangu, pakuti alibe chinsinsi. *Stationery* wa *e* ndi mapepala ndi maenvulopu. *Stationary* wa *a* ndi choima malo amodzi. *Principal* ndi mkulu wa koleji kapena chinthu chachikulu, monga *Principal Secretary* wa ku unduna, komanso ndalama imene munakongola musanaikepo chiwongoladzanja. *Principle* ndi mfundo. *Personnel* ndi antchito, *personal* ndi za munthu payekha. *Formerly* ndi kale, monga *Malawi, formerly Nyasaland*. *Formally* ndi mwamwambo kapena mwalamulo. *Ensure* ndi kuonetsetsa, *assure* ndi kutsimikizira munthu, *insure* ndi kulipira inshulansi. *Found* akhoza kukhala nthawi yakale ya *find*, koma kukhazikitsa bungwe ndi *found, founded*, ndiye *the school was founded*, osati *was found*.

Timawu ting'onoting'ono tinayi ndi timene timaluzitsa anthu mwayi weniweni. *Since* amafuna poyambira, *for* amafuna kutalika kwa nthawi: *Malawi has been independent since 1964*, koma *Dr Banda ruled for 30 years*. Pa CV, *since five years* n'cholakwika. Ndipo *by* ndi *until* sali chimodzimodzi. *Applications must be received by Friday* akutanthauza kuti kalata ifike Lachisanu kapena tsikulo lisanakwane. *The office is open until Friday* akutanthauza kuti zipitirira mpaka Lachisanu. *By* ndi wa chinthu chochitika kamodzi, *until* ndi wa chinthu chopitirira. Onjezanipo *few* ndi *a few*: kachilembo kamodziko kamatembenuza mtima wa chiganizo. *A few farmers came* ndiye kuti anabwerako ndithu angapo. *Few farmers came* ndi dandaulo lakuti anabwera ochepa zedi. *Little* ndi *a little* amateronso pa zinthu zosawerengeka.

Pogwiritsa ntchito dikishonale ndi pounika zolemba

Dikishonale yopangidwira ophunzira chinenero imanena zambiri kuposa tanthauzo, koma ambiri amawerenga mzere woyamba n'kutseka. Pafupi ndi mneni pamakhala chilembo T kapena I. T akutanthauza kuti mneniyo amafuna pamtherankhani, monga *raise* ndi *lay*. I akutanthauza kuti amaima yekha, monga *rise* ndi *lie*. Pafupi ndi dzina pamakhala C kapena U. C ndi dzina lowerengeka, U ndi dzina losawerengeka, losalandira *s* kapena *a*. M'zizindikiro za katchulidwe, timadontho tiwiri totsatira liwu timasonyeza kuti ndi lalitali, ndipo ndi timene timalekanitsa *leave* ndi *live*. Madikishonale a pa intaneti ali ndi kabatani komvetsera mawu. Sankhani katchulidwe ka ku Britain ndipo mumve mawu onse awiri motsatizana, osati amodzi okha.

M'kope lanu musalembe mawu ndi tanthauzo chabe. Lembani chiganizo chathunthu cha ntchito yanu yeniyeni, chokhala ndi mperekezi wake, chifukwa mawuwa amakumbukika pamodzi ndi anansi awo: *borrow from*, *lend to*, *rob of*, *effect on*, *listen to*. Musatenge ndandanda ya mawu 200 ya munthu wina. Tengani makope anu ochongedwa kapena makalata anu akale, mutolemo zolakwika zimene zikubwerezedwa. Kawirikawiri sizichuluka, ndipo zimakhala zomwezomwezo.

Mukatha kulemba kalata kapena lipoti, muliunike kawiri mosiyana. Ulendo woyamba werengani mokweza kuti mumve ngati ganizo likuyenda. Ulendo wachiwiri yambirani chiganizo chomaliza kubwerera m'mbuyo, chifukwa maso akamatsata nkhani amaona chimene mumafuna kulemba, osati chimene chili papepala. Pa kompyuta dinani Ctrl ndi F, mufufuze mawu a pa ndandanda yanu amodziamodzi: *been*, *being*, *its*, *loose*, *stuff*, *form*, *their*. Pa foni chenjerani ndi makina okonza mawu okha, amene amasintha *its* kukhala *it's* musanaone. Mutu wa kalata, dzina la udindo ndi mzere wa *RE* muziwerenge chilembo ndi chilembo, chifukwa mawu olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha Word imawalumpha pofufuza zolakwika, pokhapokha mutasintha zimenezo pa Options, pansi pa Proofing.